Achemwali ndi Chichewa cha asilikali

Mwaswera bwanji nonse kumeneko.

Lero achemwali anga a Tadala amaona zofunika pa sikolashipu ya asilikali yophunzirira udokotala kwathu ku Malawi. Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, zonsezo anakhoza bwino kuno ku Dubai. Ine ndangodutsa kumbuyo kwawo n'kunena kuti, "Paja amafunanso Chichewa cha MSCE, mwaiwala?" Bodza lenileni, koma akhulupirira.

Atenga buku la nyimbo la amayi n'kukakhala pakhonde, kutentha konseku, kumawerenga mokweza ngati mwana wa Sitandade 2. Atafika pa nyimbo ija tinkaimba ku Sande sukulu ku Zomba, asiya kuwerenga, ayamba kuimba. Ine kuseka kwathera pomwepo. Ndangoima pachitseko kumvetsera, mtima uli ku Zomba.

Amayi pobwera kuntchito ku Oud Metha aulula zonse, ati ndipepese. Khalas, basi, sindipepesa. Achemwali akapita kwathu, ine nditsala ku Al Twar kuno, ndizicheza ndi AC yoziziritsa m'nyumba.

Amalume, inu munakhalako ku usilikali. Kodi dokotala wawo saloledwa kubwera ndi kamlongo kake komunyamulira chikwama?