Mayi wa Thireyi pa Chithunzi cha Tadala

Ndikukumbukira chaka chimene ntchito zinavuta ku Dublin, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anali atachotsedwa ntchito yomanga nyumba, ndipo hotela ya ku Santry imene amayi ankakonzako zipinda nayonso inatseka. Tsiku lomaliza abwana anauza antchito kuti atole zokongoletsa zimene akufuna, poti zinali zokataya. Anzawo anathamangira makatani ndi nyale, koma amayi anakwera basi yobwerera ku Mulhuddart atakumbatira chithunzi chimodzi cha m'felemu.

Chinali chojambula pamanja, chochokera m'buku lakale lachikondi la nthawi ya atsamunda. Dona wachizungu wa diresi loyera anali atakhala pakhonde, msilikali wa chisoti atagwada n'kumugwira dzanja. Ndinachikonda nditangochiona. Ndinkadziona ndili donayo, ngakhale kuti tsitsi langa linkathyola chipeso sabata iliyonse.

Koma m'chipinda changa munali mlendo. Tadala, mwana wa mayi anga aakulu, anali atangobwera kuchokera ku Thyolo amayi ake atamwalira. Tinali msinkhu umodzi. Iye ankagwada popereka madzi, ankatsuka mbale osatumidwa, ndipo azimayi a kutchalitchi sankatopa kumuyamikira. Ine ndinali "mwana wa kuno", woyankha Chingerezi akuluakulu akandilankhula Chichewa. Ndinali nditagawana naye kale chipinda, jekete, ngakhalenso amayi anga. Ndiye tsiku limenelo, Tadala atachiyang'anitsitsa chithunzicho kwa nthawi yaitali, amayi anati, "Tichiika ku side ya Tadala." Mwini nyumba sankalola misomali, choncho bambo anachipachika ndi zomatira pamwamba pa bedi lake.

Nsanje imene ndinachita, sindinachitenso yotero mpaka lero. M'mawa uliwonse ndinkamupeza atagwada pabedi, nkhope pafupi ndi galasi, akulipukuta ndi mkono wa juzi. Ndinkati mumtima, wabwera dzulodzuloli uyu, lero akudziyesa dona.

Lamlungu lina azimayi atatu a kutchalitchi anabwera kudzacheza, amayi n'kutuma Tadala kuti akatenge chithunzi chake alendo aone.

"Iyee, koma ni nice!" anatero Mayi Phiri, a ku Zambia. "Tadala, ukakula uzapeza mwamuna wogwada so."

Onse anaseka, ndipo ine ndinaimirira. Ndinasonkhanitsa Chichewa changa chonse kuti mawuwo amulowe bwinobwino. Ndinaloza pakona ya chithunzicho, pomwe panaima mayi wakuda wovala nsalu, atanyamula thireyi ya tiyi.

"Iwe si dona ayi," ndinatero. "Iwe ndi uyu, wantchito."

Tadala sanalire. Anati, "Ndikudziwa," n'kundipatsa chithunzicho ndi manja awiri, kenako anapita kuchipinda.

Amayi sanandimenye, mwina poopa kuti ndikaulula kusukulu. Alendo atapita anandikhazika kukhitchini, chithunzicho chili patebulo.

"Thoko, tawayang'ana mayi awa."

Ndinawayang'ana. Wojambula sanavutike nawo n'komwe. Maso anali timadontho tiwiri, pakamwa kamzere, koma khosi linapendekera kumanzere ngati munthu amene akudikira kuitanidwa.

"Achemwali anga ananyamula thireyi ngati imeneyi zaka fifteen kunyumba ya bwana wa esiteti ya tiyi," anatero amayi. "Manja amenewo ndi amene anandiphunzitsa sukulu. Mnzakoyu anabwera opanda photo ya amayi ake ngakhale imodzi. Tsiku lija anandinong'oneza kuti, 'Awa aima ngati amayi.' Ndiye iwe wati chiyani pamaso pa anthu?"

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinapita kukapepesa, Tadala n'kunena kuti palibe kanthu. Ndinakwera pabedi lake kubwezera chithunzicho pakhoma ndekha, koma mawa lake ndinachipeza pansi pa bedi, chitavundikiridwa. Sanachitulutsenso. Madzi akatayika saoleka, ndipo Chichewa changa choyamba kuchilankhula mwaufulu chinali chipongwe chija.

Lero Tadala ndi namwino, amakhala ku Skerries, ndipo timayenderana. Ana athu amakanganirana zidole ngati ana onse. Nkhani ya chithunzi sitinayikambepo, ndipo sindidziwa kumene chinathera titasamuka. Chimene ndimamvetsa tsopano n'chakuti nsanje sifunsa. Ndikanangomufunsa kamodzi kokha kuti amaona chiyani pagalasi paja, akanandiuza, ndipo dona uja akanandisiyira yense ndi msilikali wake yemwe. Ndinkamuda poganiza kuti akundilanda amayi anga, pomwe iye ankangofuna pokumbukira ake, ndipo pamenepo ndine ndinamulanda.