Kagalimoto ka Isaki Chadzunda

Isaki Chadzunda anali wa ku Kabudula, koma ankakhala chikamwini m'mudzi wina pakati pa Nsaru ndi Nambuma, kwawo kwa mkazi wake Magdalena. Za magalimoto anaziphunzira kunkhondo, kumene ankayendetsa malole a asilikali ndi kuwakonza akafera panjira. Anabwerako mu 1946 ndi khutu limodzi logontha komanso bokosi la masipanala, ndipo posakhalitsa anagula ng'ombe ziwiri zapagoli. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri analima fodya wa chikopa monga anzake onse, masipanala aja akungogwira ntchito pa njinga ndi pa ngolo.

Mu 1953, msika wa fodya utatsekedwa, mmwenye wina wa sitolo ku Namitete anamuitana kuti akamukonzere lole. Kuseri kwa sitoloyo kunali kagalimoto ka zitseko ziwiri, kopangidwa nkhondo isanayambe. Kanali katakhala pamiyala zaka zinayi, injini yake itang'ambika pakati. Isaki anamaliza lole m'masiku atatu, ndipo atafunsidwa za malipiro analoza kagalimoto kaja. Mmwenye sanavute. Isaki analonga udzu m'matayala, nakakoka ndi ng'ombe zake masiku awiri mpaka patsinde pa mkuyu wa pakhomo pake.

Injini ya mtundu wake sinapezeke. Anafunsa ku Lilongwe, anafunsanso mnzake wa kunkhondo amene ankakonza mathirakitala ku Chitedze, koma ayi ndithu. Yomwe inapezeka inali ya vani ya mzungu wina wa esiteti ku Mpingu. Vaniyo inagubuduzikira m'dambo, thupi lonse n'kupindika, injini yokha n'kutsala yamoyo. Mzunguyo anati aipereka pokhapokha atalandira ng'ombe zapagoli.

Filipo, mchimwene wake wa Magdalena komanso mwini mbumba, anabwera pamkuyu paja m'mawa wina.

"Alamu, ndamva kuti ng'ombe zikupita ku Mpingu. N'zoona kodi?"

"N'zoona, alamu."

"Ine injiniyo ndakaiona. Ndi yaikulu kuposa malo ake."

"Malo ndiwapanga," anatero Isaki.

Filipo sakanaletsa, poti ng'ombezo sizinali za mbumba. Magdalena anangofunsa funso limodzi: "Nanga bambo a Hilda, nkhuni za kuchigafa zizibwera pa chiyani?" Isaki anati galimoto ikhala itatha fodya asanakhwime. Ng'ombe zinapita, galimoto sinathe, ndipo chaka chimenecho nkhuni zinabwera pamutu pa Magdalena ndi ang'ono ake.

Ntchitoyo inatenga miyezi isanu ndi iwiri. Injini ankaikweza ndi kuitsitsa pa nthambi ya mkuyu ndi matcheni a goli, amuna anayi akukoka. Inali yotalika ndi zikhatho ziwiri, choncho anadula chitsulo chomwe chimalekanitsa injini ndi mapazi a okwera, nasunthira ladiyeta, yosunga madzi oziziritsa injini, kutsogolo mpaka inatulukira kunja. Chowotcherera analibe, chilichonse anachimanga ndi mabawuti. Povuta kwenikweni panali pokumanitsa injini ndi giyabokosi, chifukwa mabowo ake sankayang'anizana. Anasema mbale yachitsulo yoika pakati, naboola mabowo asanu ndi atatu ndi choboolera chamanja. Zimenezi zinamudyera milungu iwiri, ndipo atayesa anapeza kuti mabowo awiri aphonya pang'ono ngati kukula kwa njere ya mapira. Anataya mbaleyo n'kuyamba ina, osauza munthu aliyense chifukwa chake.

Kagalimoto kanalira mu Epulo 1954. Isaki anapukusa handulo yolizira injini kanayi, kachisanu injini inagwira, kathupi konse n'kumanjenjemera ngati ka munthu wa malungo. Boneti sinkatsekeka, anaimanga ndi chingwe cha chikopa. Paulendo woyamba, pachitunda cha kufupi ndi Nsaru, anasiya kilatchi mwamsanga ndipo ekiselo ya kumbuyo, chitsulo chozunguza matayala, inathyoka. Anabwerera wapansi. Patapita mwezi anapeza ina ku Njewa, ndipo kuyambira pamenepo sanagwiritsenso ntchito giya yoyamba, poti mphamvu ya injini inkaiposa ekiselo. Ankanyamuka ndi yachiwiri, pang'onopang'ono, khutu lake lamoyo atalipendeketsera ku injini. Kutsogolo kunkalemera kwambiri, moti akakhala kuti alibe katundu ankaika matumba awiri a mchenga kumbuyo kuti matayala azigwira msewu.

Kanayenda zaka zisanu. Kananyamula fodya ndi mtedza kupita ku Nsaru, amayi oyembekezera kupita kuchipatala cha mishoni ku Nambuma, aphunzitsi osamutsidwa ndi mipando yawo padenga. Wokhala kutsogolo ankayenera kupinda miyendo pampando, chifukwa pansi pankatentha ngati pamafuwa. Magdalena anakwera kamodzi kokha, kupita kuukwati ku Kasiya, ndipo pobwerera anasankha ngolo ya anthu ena. Filipo anakwera kawiri, maulendo onse a maliro, ndipo za injini sanazitchulenso.

Mu 1959, mvula ili pafupi kutha, Isaki akuchokera ku Kasiya ndi matumba atatu a nyemba, anamva chiwongolero chikukokera kumanzere. Anaima, nagona chagada pansi pa galimoto. Chitsulo chachikulu chomwe chimanyamula thupi chinali chitang'aluka mbali zonse ziwiri, pamalo penipeni pomwe anamangirira injini. Anakhala pamenepo kanthawi akupapasa mng'aluwo ndi chala. Munthu wina wa panjinga anamufunsa ngati zingakonzeke.

"Kasenza zambiri," anayankha. "Apa ndiye kafika."

Anabwereka ng'ombe za mnansi kuti akakokere kumudzi. Mlungu womwewo anachotsa injini, yomwe inali isanavutepo ngakhale tsiku limodzi, naikhazika pa zipika za mtengo wa muwanga m'chisakasa cha pafupi ndi njira. Anailumikiza ndi lamba ku chigayo chakale chomwe anachipeza ku Namitete. M'dera limenelo munalibe chigayo china, ndipo amayi ankachokera mpaka ku Kabudula ndi mphale zawo. Wolandira anthu ndi kuyeza chimanga anali Magdalena. Isaki ankakhala pampando pambali pa injini ndi botolo la oyilo, ndipo galimoto sanayendetsenso.