Dziwe lopanda njira

Ndikukumbukira chaka chimene atsibweni anga a Batumeyo anabwerako ku nkhondo ya azungu. Ndinali ndi zaka ngati khumi, kaya, kwathu sitinkawerenga. Anzawo ena anabwera ndi njinga, ena makina osokera. Iwo anabwera ndi jombo, chikhoti, ndi kachitini kodzadza mbedza. Anamwalira kalekale, ndipo pamaliro pawo anthu anawatama kuti anali katswiri wa milamba. Ine ndinakhala chete chifukwa panali pamaliro. Lero ndinena, amene akwiye akwiye.

Kwathu ndi kuseri kwa Nguludi, m'mbali mwa kamtsinje kamene kamakathira mu Mombezi. Bambo ankagwira ntchito ku minda ya tiyi ku Thyolo, ankabwera mwa apo ndi apo. Pakhomo tinali atatu: amayi, achemwali anga a Agata, ndi ine Simoni. Amayi nthawi imeneyo anali ndi pakati. Chaka cha m'mbuyo mwake analinso ndi pakati pena, koma tsiku lina ananditumiza kukagona kwa anthu, pobwera ndinapeza mimba kulibe, mwana kulibenso. Nditafunsa anandiuza kuti mwana anabwerera. Panalibe maliro, panalibe wolira. Ine ndinangoti kapena ana amatero.

Kuwedza anandiphunzitsa ndi atsibweniwo, ndipo pamenepo sindinama, ankadziwa. Ankati mlamba si nsomba ya pamchenga poyera ayi. Funa pamene mtsinje wakhota n'kudya gombe kunsi. Pakhale mtengo wa katope kapena mkuyu woti mizu yake yalowa m'madzi, mthunzi usamachokepo ngakhale dzuwa lili paliwombo. Madzi akhale odekha, akuda, masamba akuwolera pansi. Ukafika usathamangire kuponya. Khala duu, uyang'ane. Mlamba umabwera pamwamba kudzameza mpweya, umangoti phwi, kenako timathovu. Ukaona zimenezo, ndi pamenepo. Nyambo yake nyongolotsi zonenepa kapena kachule.

Vuto linali loti malo onse otere anyamata a m'mudzi anali atawapulula. Pamlatho, padooko, kwa mkuyu waukulu, tinkangokola tiana tonga chala. Atsibweni ankafuna milamba yoti awambe akagulitse ku Namadzi. Ndiye tsiku lina m'mawa anandiitana, tinayenda kutsika ndi mtsinje mpaka tinafika pa chulu china pamene kanjira kankathera. Kumunsi kwake kunali bango ndi zitsamba zowirira, mitengo ya katope itatsekera pamwamba. Anandilozera ndi ndodo.

"Tsika apo, mphwanga. Pali dziwe. Nyongolotsi ukumbe pompo, dothi lake n'lofewa."

Ndinafunsa ngati iwo sabwera. Anati jombo zawo zingaonongeke ndi matope. Anakhala pa chulupo, n'kuyatsa fodya.

Ndinalowa chokwawa, bango likundicheka m'manja. M'katimo munali mozizira ngati m'phanga, fungo la masamba owola, udzudzu uli ng'wii. Dziwe linalipodi. Sindinakhalitse n'komwe, phwi uku, phwi uko. Tsiku limenelo ndinatulutsa milamba yoti sindinaionepo chibadwire, mitu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndevu zitalizitali. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. Anandipatsa umodzi kuti ndipite nawo kunyumba, ena onse anatenga. Anandiuza kuti amayi akafunsa ndinene kuti ndakola pamlatho, chifukwa malo abwino sauza anthu. Zinandimvekera zanzeru. Amayi anadya, anandiyamikira kuti ndakula. Ndinayenda ngati tambala masiku amenewo.

Tinapitako kangapo. Nthawi zonse iwo pa chulu, ine kunsi. Ndinayamba kutchera mbedza zogonetsa, kumangirira ku mizu, m'mawa n'kukaonjola.

Tsiku lina nyongolotsi zinasowa pamene ndinkakumba, ndiye ndinasunthira kumtunda pang'ono, pansi pa katope wina. Ndinaona mapale a miphika atavundikiridwa apa ndi apo, koma sindinasamale. Ndikukumba ndi kamtengo kanga, kanakola chinthu. Ndinakoka. Inali nsalu. Yonyowa, yoyamba kufumbwa, koma maluwa ake ankaoneka. Nsalu imeneyo ndinkaidziwa. Bambo anaigula ku Limbe, yabuluu ya timaluwa toyera, ndipo amayi ankaivala popita ku Misa. Inasowa nthawi yomwe ija mimba inasowa. Ndipo sinali yongotayidwa ayi, inali yokulunga kanthu.

Sindinakokenso. Ndinabwezera dothi ndi manja. Ndinatuluka m'bangomo opanda nsomba, ndinadutsa atsibweni pa chulu akundiitana, osacheuka.

A Agata ndinawapeza akusinja. Iwo anali atavinidwa kale, ankadziwa za akuluakulu. Nditawafotokozera, anasiya munsi mumtondo, n'kundikokera kuseri kwa nkhokwe. Anandifunsa ngati ndaponda ndi mapazi anga enieni. Ndinati inde, kambirimbiri. Anagwira pakamwa. Anandiuza monong'ona kuti kumeneko n'kumene amayi a m'mudzi amakaika ana opita padera, ndi ena omwalira asanatuluke chikuta. Amakumba pang'ono chabe, pachinyontho, chifukwa akazamitsa mayi wake sadzaberekanso. Mwamuna safikako. Wopondapo amatupa miyendo mpaka kufa. Ndipo manda otere akasokonezedwa, mwana amene ali m'mimba amatsatira mnzake.

"Ndiye amene uja ndi ndani?" ndinafunsa.

"Mng'ono wako. Anali wamwamuna."

Anandilumbiritsa kuti ndisauze amayi, iwonso anali ndi mantha. Ine ndinapita kukasenda luzi, n'kumanga pa akakolo onse awiri, kuti ndizidziwa ngati miyendo yayamba kutupa. Kanthawi kalikonse ndinkalowetsa chala pansi pa luzilo. Amayi akawerama kuti anyamule mtsuko, ine mtima unkaima. Akati ayi msana, ine thukuta. 

Mawa lake atsibweni anandipeza ndikudyetsa mbuzi. Ndinawauza zonse, ndikulira, poganiza kuti nawonso adzidzimuka. Sanadzidzimuke. Anangolavula, n'kunena kuti zimenezo n'za amayi okalamba, iwo aona dziko. Kenako anati mbedza zawo zatsala kumeneko, ndipo mbedza zotere kuno sizipezeka, ndikazitenge. Nditakana anandigwira khutu.

"Ukangowauza amako, mtima uwadumpha, mimba ichoka. Wapha ndiwe. Wamva?"

Munthu wamkulu, wandevu, wobwera ku nkhondo, kumuuza mwana mawu amenewo. 

Ndinatsika. Ndinkayenda chonyang'ama, kupewa mapale aja, ndikupempherera Tikuoneni Maria, mawu akusokonekera. Dzuwa linali likuwala kunja koma m'menemo munali mdima wake womwe uja. Mbedza zina ndinamasula bwinobwino. Yomaliza inali yolemera. Nditakoka unatuluka mlamba waukulu kuposa yonse, wakuda bii, ukulira kuti ng'orr ng'orr monga imachitira. Ine kulira kumeneko ndinali nditakumva kambiri, koma tsiku limenelo kunamveka ngati khanda. Ndinafuna kuuponda kuti ndichotse mbedza msanga ndithawe. Unaphiriphitha, munga wake wa m'mbali uja unalowa m'phazi langa, n'kuthyokera momwemo.

Amene analasidwapo ndi mlamba akudziwa. Ululu wake umakwera mpaka m'chuuno ngati moto. Ndinatuluka chokwawa. Atsibweni analandira mbedza zawo ndi mlamba womwe, anayang'ana phazilo n'kunena kuti ndikodzerepo lipola.

Silinapole. Pofika mawa phazi linali ngati dzungu. Luzi lija linalowa m'mnofu osaonekanso. Ine sindinaganize za munga n'komwe. Ndinadziwa kuti zimene ananena a Agata zayamba, ndifa, kenako mwana wa m'mimba atsatira. Ndinabisala m'khola la mbuzi, nditafunda chiguduli, thupi likutentha. Amayi anandipeza momwemo. Anagwada movutikira ndi mimba yawoyo, anadula luzi ndi mpeni, n'kundifunsa kuti wandimanga ndani. Pamenepo sindinathenso. Ndinanena zonse, dziwe, mapale, nsalu yabuluu, ndi mawu a atsibweni.

Ndinatseka maso kudikira kuti agwe. Sanagwe. Sanandimenyenso. Anangoika dzanja pamimba. Kenako anaitana a Agata kuti andibereke tipite ku chipatala cha mishoni.

Njira yake inkadutsa pakhomo pa atsibweni. Tinawapeza akuwamba milamba pa thandala, utsi uli tolo, amuna ena awiri atakhala pambali kudikira yowotcha. Amayi anaima. Mayi anga anali munthu wofatsa, ankawagwadira achimwene awowo powapatsa madzi. Tsiku limenelo sanagwade.

"Achimwene, tsiku lija amayi a m'mudzi ankatsika ndi mwana wanga, khasu anabwereka kwa ndani?"

Atsibweni anati sakukumbuka.

"Linali lanu. Munawapatsa ndi dzanja lanu."

Iwo anayamba zija za nkhondo, kuti aponda mitembo ya anthu akuluakulu osatupa, nsomba ilibe manda, anthu akumudzi tikufa ndi umbuli pamene ndiwo zili pakhomo. Amayi anawasiya mpaka anamaliza.

"Chabwino. Nanga bwanji simunatsike nokha?"

 Atsibweni anangotembenuza nsomba imene inali itatembenuzidwa kale. Amuna awiri aja ananyamuka mmodzimmodzi, osatsanzika.

Ku chipatala asisitere anang'amba phazi n'kutulutsa kachidutswa ka munga, anandionetsa pa mbale. Anati n'kameneka kakutupitsa, basi. Pobwerera amayi anandiuza kuti mwana sangalakwire malo amene sanauzidwe, mlandu ndi wa wodziwa. Ndinamva, koma sindinakhulupirire kwenikweni, chifukwa madzulo ake ndinaona azamba ndi amayi ena awiri akutsikira kumtsinje mwakachetechete kukakonza manda aja, ndipo amayi anga, Mkatolika wa kolona m'khosi, anayamba kuvala kachingwe ka mankhwala m'chuuno. Ngati iwo ankaopa, ine ndikanaleka bwanji?

Phazi linaphwa. Mantha sanaphwe. Miyezi imene inatsala ija ndinaonda ngati ndodo. Kusukulu ndinkangokhala, aphunzitsi akulankhula ine ndikuganiza za mimba. Ndinkatunga madzi, kutola nkhuni, ntchito za atsikana, anzanga akundiseka, bola amayi asanyamule kanthu.

Tsiku lake linafika dzuwa likutuluka. Azamba analowa m'nyumba, ine anandithamangitsa. Ndinadziwa chimene ndinkaopa kuona: amayi a m'mudzi akutuluka chete, wina atanyamula kamtolo, wina khasu. Ndiye nzeru za mwana, ndinazungulira pakhomo ponse n'kutola makasu onse, lathu, la a Agata, ngakhale kakhasu kakutha kopalira m'dimba. Ndinapitanso kwa atsibweni, iwo kulibe, ndinatenga lawo lija. Onse ndinakawakwirira m'munda wa chinangwa. Ndinkati popanda khasu sakumba, ndipo akalephera kukumba mwana sapita.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi chitseko. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendeka. Ndinkamva amayi akubuula, kenako zii, kenako kubuula. Chitseko chinatseguka, anatuluka mayi wina, nkhope yosaseka, akuyang'anayang'ana kuseri kwa nkhokwe kumene tinkaimika makasu. Ine mkodzo unatsika ndi mwendo. Anawerama, n'kutola nkhuni. Nkhuni basi. Analowanso.

Patapita nthawi ndinamva kamawu kakang'ono, kokwiya, ngati kamwana ka mbuzi. Kenako nthungululu.

Ameneyo ndi mlongo wanga Rozina. Ali moyo, ali ndi ana ake akuluakulu, ndipo pakamwa pake mpaka pano sipatseka. Makasu aja anawafukula ndi a Agata patapita masiku, mudzi wonse utasaka mpaka kuyamba kunamizira anthu odutsa. A Agatawo anandipatsa khofi limodzi pamutu, koma amayi sanawauze.

Atsibweni sanapepese, kwa ine kapena kwa mlongo wawo, mpaka analowa m'manda. Ankangoti onani, mwana uja si uyu wabadwa bwinobwino. Ngati kuti nkhani inali imeneyo. Kaya kutupa kuja kunali kwa munga, kaya kwa chiyani, ine sindine wophunzira, sinditsutsana ndi munthu. Chimene ndikudziwa n'choti iwo ankakhulupirira kuti pamalo paja pangaphe munthu, n'chifukwa chake sanapondepo. Anayesa ndi mapazi a mwana wa mlongo wawo, pamwamba pa mwana wina wa mlongo wawo yemweyo, chifukwa cha nsomba zokagulitsa ku Namadzi.

Mlamba sindidya. Akazi anga anazolowera, saugula. Koma malo ake ndimawadziwabe, ndipo ana anga aamuna ndinawaphunzitsa zonse: pokhota, pamizu, pamthunzi, pa timathovu. Ndinawonjezapo chimodzi chimene atsibweni anandibisira. Ukapeza dziwe lodzadza nsomba, mudzi uli pafupi, anthu ali ndi nkhuli, koma palibe njira yopitako, usathamangire kudzitama kuti ndiwe wochenjera. Bwerera ukafunse amako. Ndipo munthu wamkulu akakulozera malo ndi ndodo, iye n'kukhala pa chulu atavala jombo, umuuze kuti atsogole.