Zidebe za Bambo Anga

Ndinadzidzimuka tambala asanalire, khosi litauma chifukwa chogona chotsamira khoma. Amayi anali khale pambali pa bokosi la bambo. Azimayi akumpingo omwe anachezera kuyimba anali atasasa mawu. Kunja abambo ankatsokomola pamoto, ndipo adzukulu anali atanyamuka kale ndi makasu.

Bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri pamunda woyeserapo mbewu, kumapiri kuno kumtunda kwa Mwanza Boma. Atapuma ntchito, za tirigu sanazisiye. Anali ndi mitundu isanu ndi umodzi, uliwonse m'chidebe chakechake cholembedwa nambala ndi penti wofiira. Poyang'ana, mitunduyo inali yofanana, m'dzanja ngakhale m'munda. Koma uliwonse unkapirira mtundu wake wa chiwawu, matenda aja ofiiritsa masamba. Pofesa ankatapa m'chidebe chilichonse n'kusakaniza, kuti chiwawu chikagwetsa wina, anzake atsale chiyimire. Mbewu ya m'zidebeyo ankailima padera, m'timabedi totalikirana. Ankati ukamangobwereza kufesa wosakaniza, wamphamvu amameza anzake, pakapita zaka watsala yekha, ndipo chiwawu chake chikafika munda wonse wapita. Ine ndinkawaseka kuti zidebezo ndi akazi awo amitala. Komabe kuchipatala anagwira dzanja langa, mwana wawo mmodzi yekha, n'kunena kuti, "Mwanawe, zidebe zija zisadzakumane."

Kunacha ndi dzuwa la Okutobala, loswa mtengo. Anthu anayamba kufika: a ku Thambani wapansi, anzawo akale a kuntchito pa lole kuchokera ku Boma, achibale athu a kutsidya kwa Zobue ndi mitolo ya nkhuni. Kuseri kwa nyumba mafuwa anandandalikidwa, utsi tolotolo. Wotsogolera zophika anali mkazi wa tcheyamani wa chipani, mayi wa changu, amene mawu ake sankabwezedwa m'mudzi muno. Chitsime chathu chinali chitaphwa, madzi ankakatungidwa kumtsinje kuchigwa. Ndili m'nyumba ndinkamva akufuula kuti madzi atha, zotungira n'zochepa.

Kenaka pakhomo panadutsa mayi wina atasenza chidebe, madzi akukhavukira. Pachidebepo panali nambala 3 yofiira. Pambuyo pake panadutsa 5.

Ndinadzuka, koma azakhali anandikoka chitenje. "Khalani pansi, amwali. Namfedwa sayendayenda." Azimayi awiri anandigwira m'mapewa poganiza kuti chisoni chandizunguza mutu. Ndinalira mokweza kuti zidebe za bambo, zidebe za bambo, iwo n'kundithandiza kulira. Kunena zoona, ola limenelo sindinkalira bambo anga ayi, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Masana bokosi linatulutsidwa. Atatha abusa, tcheyamani analankhula nthawi yaitali za chitukuko ndi kulimbikira m'munda, anthu akupsa ndi dzuwa, popanda ndi mmodzi yemwe wosuntha. Tinanyamuka. Njira yakumanda imadutsa m'mphepete mwa munda wathu, momwe munali ziputu za tirigu amene bambo anamweta ndi chikwakwa asanadwale. Fumbi linali kobo, nyimbo yakutsogolo ndi yakumbuyo zosagwirizana. Ine maso anali kumbuyo, kunyumba, koma azakhali sanandisiye mkono. Ndinaponya dothi m'manda. Pobwerera tinapeza madzi osamba m'manja atayikidwa panjira monga mwa mwambo. Anali m'chidebe nambala 1. Nanenso ndinasamba, nanga ndikanatani?

Anthu anadya n'kubalalika. Lole inabwerera ku Boma, a ku Zobue anathamangira malire kusanade. Dzuwa litapendeka, mkazi wa tcheyamani anabwera pakhonde. Zidebe zonse zisanu ndi chimodzi anali atazitsuka bwinobwino, n'kuzivundikira pamzere kuti ziume.

"Pepani mayi, tinabwereka osapempha," anatero akupukuta manja. "Koma osadandaula. Tirigu wanu tinakhuthulira m'thumba lija lili kuseri kwa chitseko. Ndinayimirira ndekha pamenepo, sitinataye ngakhale njere imodzi."

Nkhope yake inali yowala, ya munthu amene wagwira ntchito yabwino. Ndinagwada n'kuthokoza. Munthu wophikira maliro a bambo ako tsiku lonse ungamukalipire bwanji? Ndipo ngakhale ndikanakalipa, njerezo zikanabwerera chotani?

Atachoka, m'nyumba munangoti zii. Pamene panali bokosi panatsala mphasa yokha, ndipo amayi anagona pamenepo choyang'ana kukhoma. Ndinamasula thumba lija, ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutapa tirigu wodzaza chikhatho. Ndinapita naye pakhomo pomwe panali kakuwala kotsala. Ndinatembenuza njerezo ndi chala, imodziimodzi, zonse zofiirira, zonse ndi kamzere kamodzi pamimba.

"Ukuyang'ana chiyani kumeneko?" amayi anafunsa osacheuka.

"Tirigu, amayi," ndinayankha. "Tirigu basi."