Anankafumbwe a Dorika

Dorika anakulira kwa Nsaru, pakhomo pamene nankafumbwe ankadedwa kuposa njoka. Bambo ake, a Mathias, mkulu wa mpingo, ankadziwika dera lonse kuti chimanga chawo sichifumbwa. Ndiye taonani zake za dziko: mwana wawo yemweyo, atafika chaka chomaliza ku yunivesite, ntchito yake inali yoweta anankafumbwe m'mabotolo.

Anali kafukufuku wochita yekha mu labu ya bayoloje, ndipo popanda malikisi ake, digiri kunalibe chaka chimenecho. Ankafuna kuona ngati ufa wa masamba a nimu ungateteze chimanga. M'mabotolo ena ankathiramo ufawo, ena ayi, kuti tizilombo tidye mmene tingathere, iye aone kusiyana. Zonsezi zinkafuna chimanga chosathira mankhwala. Cha pamsika sanachikhulupirire, choncho anaimba foni kumudzi, n'kufotokoza za anankafumbwe akewo, n'kunenetsa kawiri konse kuti asathiremo kanthu. Thumba linabwera pa minibasi, chimanga choyera mbee, chopetedwa bwino.

Koma abale, mwanayu anavutika! M'mawa kalasi, masana labu, kuwerenga tizilombo kamodzikamodzi ndi kabulashi mpaka khosi kuuma gwa. Patatha masiku anayi, anankafumbwe onse anali gada, ngakhale a m'mabotolo opanda nimu. Aphunzitsi ake anati mwina mabotolo sanatsukidwe bwino. Anatsuka, n'kuyambiranso. Anafanso. Anati mwina akubanika. Anachotsa zitsekerero n'kumanga tinsalu. Anafabe, mpaka miyezi iwiri inatha. Anzake ali kalikiliki kulemba malipoti, iye ankangotaya mitembo. Anaonda mwana, kuseka anaiwala. Zinamukwana.

Kuti anankafumbwe aswane pamafunika masabata asanu kapena kuposa, koma lipoti linkafunika pakatha atatu. Loweruka lina anakwera minibasi ya kwa Nsaru, mtima uli ndi funso limodzi lokha. Anapeza bambo ake m'chigafa akusankha fodya.

"Ababa, chimanga chija simunathiremo kanthu, eti?"

A Mathias anaseka ngati munthu wogwidwa akuchita zabwino.

"Iwe mwana wanga, chimanga chopita kwa anthu ophunzira chipite chosavala? Chikanafika chitafumbwa, akanati kwa Nsaru kulibe alimi. Ndinathira mankhwala pang'ono chabe, amako n'kupeta bwinobwino kuti fumbi lake lisaoneke."

Dorika anangoti khwethe pa mpando wa ndalema. Miyezi iwiri yathunthu! Anakwiya, inde anakwiya kwambiri, koma mphamvu zokalipa analibe. Ankadziwa kuti mkuluyu anauza kale mpingo wonse, pa zolengeza za Lamulungu, kuti chaka chino akukaona mwana wake atavala gauni. Tsopano gaunilo linali la chaka chamawa, ndipo wowauza anali iye yemwe. Lero kapena mawa? Anayang'ana masamba a fodya.

"Nanga aphunzitsi ako anati bwanji?" anafunsa a Mathias, maso akuwala. "Pali nankafumbwe amene analimbapo?"

"Palibe, ababa. Onse anafa."

"Eyaa!" Anaomba m'manja, n'kutembenukira kunyumba. "Amake Dorika, mwamva? Akuti ngakhale ku yunivesite, sanatsale ndi mmodzi yemwe!"