Chala cha a Nkhoma

Lachiwiri lapitali kunabwera makaniko wa ku Germiston pafamu pomwe ndimayendetsa thirakitala, kuseri kwa Benoni. Anabwera ndi mapaipi a oyilo, kabokosi kachitsulo ndi kagudumu konga ka wilibala. Pofika masana anali atamangirira zonsezo pa makina athu obzalira chimanga.

Anafotokozera ine, poti woyendetsa ndine. Kagudumuko kamayenda pansi n'kumamva nthaka. Pakakhala pokwera, oyilo amakweza makina. Pakakhala polowa, amawatsitsa. Iwe umangopotokola kachitsulo kamodzi m'mawa, kusankha kuya komwe ukufuna, basi. Mbewu iliyonse igona pa muyeso womwewo mpaka kumapeto kwa munda.

Ndinagwedeza mutu ngati ndasangalala. Koma maso anga anali pa thabwa lomwe makanikoyo anamasula n'kuponya pambali, ati likutchinga mapaipi.

Thabwa limenelo linali mpando wa a Nkhoma.

A Nkhoma ndi mkulu wa ku Dedza, tchona weniweni. Anabwera kuno nthawi ya migodi ine ndisanabadwe. Mgodi utawalavula anapeza ntchito pafamu pano, pamodzi ndi kachipinda kogona kuseri kwa shedi. Nyengo yobzala ankakhala pathabwa lija kumbuyo kwanga, fumbi lili koboo, kuyang'ana mmene mbewu ikulowera. Pena ankatsika, kupisa chala m'dothi, kenako mawu.

"Phansi, mphwanga! Ukubzala kapena ukudyetsa nkhunda?"

Ndikatsitsa mopitirira, amvekere: "Phezulu! Kweza iwe, tikukwirira maliro ngati?"

Zaka zonsezi ndakhala ndikulalatiridwa chonchi, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinkakondwa nazo. Inu amene muli ku Joni kuno mukudziwa kuti tsiku limatha kukuthera osamva liwu la kwanu ndi limodzi lomwe. Ine langa ndinali nalo kumsana, likukuwa kuposa injini.

Kukuwa kwawoko kunkandibwezera ku Ntcheu. Mvula yoyamba ikagwa, bambo ankatsogola ndi khasu kutema mapando, mayi pambuyo ndi kambale ka mbewu, ife ana kumapeto kukwirira ndi chidendene. Kuya kwa phando kunali m'dzanja la bambo, panalibe chitsulo choyezera. Ukapondereza kwambiri, mayi ankakukoka khutu osasiya n'komwe kuponya mbewu. Tinkakangana, kuseka, kulira, mpaka munda kutha. Kubzala kunali phokoso, abale.

Ndiye Lachitatu m'mawa mwini famu anabwera kudzaona ngati chinthu chake chikugwira. Ndinayendetsa mzere umodzi, kutsika mpaka kumpanda. Kenako anaitana a Nkhoma kuti afukule aone, poti chala chawo ndi chomwe pafamu pano timachikhulupirira.

Anagwada mkulu uja. Anafukula pokwera. Anapita polowa, anafukulanso. Anakafika mpaka pafupi ndi chulu, pouma pomwe ine ndimalakwitsa chaka chilichonse.

Tonse awiri tinkadziwa tanthauzo la zimene ankachitazo. Akanena kuti zili bwino, ntchito yawo yatha, ndipo kachipinda kaja kamapita limodzi ndi ntchito. Mumtima ndinkawachonderera: nenani kuti chalakwika, akulu, ndani angakutsutseni? Nenani kuti pachulu paja mbewu yayandama!

Iwo anadzuka pang'onopang'ono, n'kupukuta chala pa ovolosi.

"Yena lungile, baas," anatero m'chilankhulo cha kumigodi, kuti zonse zili bwino. Kenako anatembenukira kwa ine. "Chikukuposa iwe, mphwanga. Ndipo sichiyankha mwano."

Lachisanu anauzidwa kuti mwezi ukatha asamuke.

Musandimve molakwa. Makinawo sindikuwada. Mizere yanga sinafananepo kuya chonchi, ndipo chimanga chidzamera tsiku limodzi ngati asilikali. Ndikanakhala mwini munda, mwina nanenso ndikanagula. Komatu munthu uja sanamasulidwe ndi sipanala ngati thabwa, akadali pompano, akupuma.

Chimene chikundiwawa ndi ifeyo. Akuluakulu ngati a Nkhoma alipo ambiri ku Germiston, ku Benoni, ku Reiger Park. Ndi omwe anatilandira titangotsika basi, tilibe bulangete, osadziwa kuti tekisi imaimitsidwa ndi chala chiti. Lamlungu kutchalitchi timawapatsa moni wa manja awiri, "Madala muli bwanji?", koma tikapotoloka timanong'onezana kuti awa ndi machona, anaiwala kwawo. Ndi angati mwa ife anawafunsapo komwe adzagone mphamvu zikadzatha?

Timawaponyera mwambi, ati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Kunena n'kosavuta. Munthu amene makolo ake anaikidwa iye kulibe, munda wake unagawidwa kalekale, akafike pakhomo pa yani? Ndipo tisadzinamize. Amene anapanga kagudumu komva nthaka sanagone tulo, tsiku lina adzapanga chogwira chiwongolero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chiyambire Lachinayi ndikubzala ndekha. Kangapo konse ndadzipeza ndikucheuka pafupi ndi chulu chija, kudikira kulalatiridwa. Kumbuyoko kuli mapaipi okhaokha.

Dzulo madzulo ndinapita kukawaona. Ndinawapeza kuseri kwa kachipinda kawo, pa kadimba kosakwana mphasa zitatu, nsapato atavula. Anali ndi mbewu zotsala m'chipewa, akuponya m'phando n'kukwirira ndi chidendene, ndendende ngati kwathu.

"Akulu," ndinatero, "mwezi ukathatu mukuchoka. Chimenechi adzakolola ndani?"

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Mvula yagwa, mphwanga. Munthu amabzala." Anaponda phando lina, kenako anandiyang'ana mapazi. "Wangoima bwanji? Vula nsapatozo. Koma usapondereze, ndimakudziwa iwe."

Ndinavula. Tinamaliza kadimba konse, iwo akulalata, ine ndikukwirira.

Chipinda changa n'chaching'ono, koma mphasa yachiwiri ikhoza kukwana, ndipo ndawauza. Inu amene mukuwerenga, mkulu amene anakulandirani ku Joni kuno, mukudziwa komwe agone mwezi wamawa?