Pikapu Yopendekera Kumanzere

Pa Mbamba Bay panalibe munthu wosaidziwa pikapu yoyera ya a Fexon, chifukwa inkayenda mopendekera kumanzere ngati munthu wonyamula ndowa yodzaza dzanja limodzi. Eni akewo anachokera kutsidya kwa nyanja, ku Nkhata Bay, akadali mnyamata, atangokolekera masipanala m'thumba la feteleza. Anthu ankawaitana kuti fundi, kutanthauza mmisiri, ndipo ulemuwo unkawayenera. Koma kucheza nawo kunali kudzizunza, poti mawu awo a tsiku lonse mukanatha kuwawerenga ndi zala.

Wolankhula m'banjamo anali mkazi wawo Marselina, mayi wa ku Kihagara amene anawaberekera Belinda, wathupi lake ndi mawu ake omwe. Kwa zaka makumi awiri ankatengera limodzi usipa wouma ku Mbinga, bambo pachiwongolero, mayi pampando wakumanzere akudzudzula liwiro, dzuwa ndi boma. Kenako Marselina anadwala milungu iwiri yokha n'kutsamira mkono. Pikapu yomweyo ndi imene inanyamula bokosi. Anthu atabwerako kumanda, m'pamene anayamba kuona kuti galimoto yapendekeka.

A Fexon ankadziwa chifukwa chake. Masipuling'i akumanzere anali atatopa kalekale, mwini mpando akadali moyo. Koma kauzeni zimenezo amayi a usipa amene ankakwera pikapuyo. Ankalolera kupsa ndi dzuwa pamwamba pa matumba kusiyana ndi kukhala kutsogolo. "Pali eni ake pamenepo, fundi," ankatero, n'kukwera kumbuyo. A Fexon zinkawanyansa zedi, koma nawonso kwa zaka zitatu sanaikepo ngakhale sipanala pampandopo. Galimoto inkakokera kumanzere pamsewu, iwo ankangolimbitsa mkono kuikokera kumanja, osaikonza. Fundi wokonza za eni ake, yake ikutsimphina.

Ndiye panabwera Editha, mayi wamasiye wochepa thupi amene ankagulitsa tiyi ndi mandasi pafupi ndi doko la Ndumbi. Anagwirizana za ukwati, ankhoswe anakumana, ndipo kutchalitchi anali atalengeza kale kamodzi. Tsiku lina a Fexon anamutsegulira chitseko chakumanzere kuti akwere. Editha anangoima.

"Bambo a Belinda, ine za mizukwa sindizikhulupirira," anatero. "Koma kukhalira mnzanga pamiyendo sindingathe. Muiwongole galimotoyi. Ikapanda kuwongoka, ukwatiwu tiusiye, aliyense akhale kwake."

Zitsulo zokwezera galimoto zimagulitsidwa m'tauni, koma a Fexon sanali munthu wogula chinthu chimene manja awo angathe kupanga. Anatola chiphanthi cha chitsulo chochindikala kwa anthu a zitsulo zakale ku Ndumbi. Anaimika pikapu pasimenti, n'kuiyeza ndi paipi yoonekera mkati yothiramo madzi, monga achitira omanga nyumba. Madzi sanama. Kumanzere kunali kutatsika zala ziwiri kutsogolo, zitatu kumbuyo. Anadula chitsulo chozungulira choika pamwamba pa sipuling'i yakutsogolo, n'kuchiboola mabowo a mabawuti. Chakumbuyo anachidula cha ngodya zinayi, choti chilowe pansi pa masipuling'i, ndipo anapinda mabawuti aatali ochimangira.

Inali ntchito ya tsiku limodzi, koma inawatengera mlungu. Lero akuti bowo lalakwika, mawa akuti chitsulo chikufunika kupalanso. Ankachita mantha, ndipo sankadziwa kuti akuopa kuti galimoto ikana kuwongoka kapena kuti ivomera.

Loweruka masana anaika jeki kumanzere n'kuyamba kupopa. Galimoto itangonyamuka, chitseko cha mbaliyo chinalira, n'kutseguka chokha pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Fundi aliyense angakuuzeni kuti galimoto yakale ikakwezedwa mbali imodzi imapotoka ndipo loko imamasuka. A Fexon ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Komabe tsitsi linawaima. Anavula chipewa, n'kusuntha pang'ono ngati akupatsa munthu njira.

"Pepani, mayi," ananong'ona. Anadikira kanthawi, kenako anatseka chitseko n'kumanga mabawuti.

Atatsitsa jeki, madzi a m'paipi anafanana mbali zonse. Lolemba m'mawa Editha anaizungulira galimotoyo kawiri, manja ali kumbuyo ngati wapolisi wapamsewu, kenako anakwera kutsogolo. Amayi a usipa anasuzumira kuchokera pamatumba awo. Editha anali wopepuka moti galimoto sinagwedezeke n'komwe.

Anayamba kukwera mapiri a ku Mbinga. Pikapu inkayenda mowongoka bwinobwino, koma mkono wa a Fexon sunamve uthengawo. Unali utazolowera kulimbana ndi chiwongolero kwa zaka zitatu, ndipo unapitiriza kukokera kumanja. Galimoto inayamba kulowa mbali ya magalimoto ochokera kutsogolo. Anaibweza, inalowanso. Pakona ina basi inatulukira ikuliza hutala, amayi kumbuyo anakuwa, ndipo anaphonyana nayo patangotsala kachala.

A Fexon anaima m'mbali mwa msewu. Editha sanakalipe. Anangoika dzanja lake pamkono wawo, umene unali ukadali gwa pachiwongolero.

"Mukukokana ndi ndani, bambo a Belinda?"

A Fexon anagwedeza chiwongolero uku ndi uku. Chinali chopepuka, chopanda wochikoka. M'mawa uliwonse kwa zaka zitatu, chiwongolerocho chikawakokera kumanzere, mumtima ankati mayi adzuka, ayamba makani awo. Pamaliro paja sanalire, anali otanganidwa ndi kuyendetsa bokosi.

"Palibe," anayankha. "Palibenso."

Anagwetsa mutu pachiwongolero n'kulira ngati uthenga wa maliro wangowapeza kumene. Amayi a usipa anatsika mmodzimmodzi n'kukakhala pansi m'mbali mwa msewu, miyendo atatambalala, monga akhalira pasiwa. Editha sanatsike. Anakhalabe pampandopo, dzanja lili pamkono paja, mpaka mkonowo unafewa.